Ana a m'Tsinde mwa Phiri: injini ikazima ndege itangonyamuka

Mai a Tadala, Chitakale: Mwaswera bwanji nonse. Alamu anga a ku Joni atumiza tikiti ya ndege kuti apongozi akaone mdzukulu, koma mayiwo akanitsitsa kwamtuwagalu. Wina anawaonetsa vidiyo ya ndege ya ku India ija, yonyamuka bwinobwino kenako n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka moto. Akuti bola basi, olo akhale pampando masiku awiri. Ndiye ndifunse kwa odziwa, kodi n'zoona kuti injini ikazima ndege itangodzuka ndiye kuti onse kwatha?

Kabaza wa pa Muloza: Apongozi anuwo nzeru ali nazo. Basi ikafa timatsika n'kukankha. Kumwambako mukaponda pati pokankha?

Nachisale, Limbuli: Iwe, anthu akufunsa zenizeni. Basi yakoyo siipha? Mu October 2025 ku Limpopo basi inagubuduzika pamsewu wa N1, anthu oposa 40 anatsikira kulichete, a Malawi ndi a Zimbabwe. Ine njira ya Tete ndimaidziwa, madalaivala amawodzera tikuona.

Aphunzitsi, Chisitu: Tiyambe ndi ya ku India yomwe yaopsa mayi athuyo. Inali pa 12 June 2025, ndege ya Air India, Boeing 787, kuchoka ku Ahmedabad kupita ku London. Munali anthu 242, anapulumuka mmodzi yekha. Inagwera pa nyumba zogona ophunzira zaudokotala, n'kuphanso ena pansi, onse pamodzi 260. M'mwamba siinathe ngakhale mphindi imodzi.

Bambo a Yankho, Joni: Zikomo aphunzitsi. Achemwali a ku Chitakale, ine sindiulutsa ndege, ntchito yanga ndi ya sipanala, ndimakonza ndege zing'onozing'ono kuno. Yankho lachidule ndi lakuti ayi, si zoona. Ndege yaikulu yonyamula anthu ya mainjini awiri saipatsa chilolezo ngati singathe kunyamuka ndi kukwera ndi injini imodzi. Asanachoke, oyendetsa amawerengetsa liwiro lina lomwe amalitcha V1, potengera kulemera kwa ndege, kutentha kwa tsikulo ndi kutalika kwa msewu wake. Injini ikafa musanafike pa liwiro limenelo, amaponda mabuleki. Ikafa mutapitirira, saimanso chifukwa msewu wotsalawo sungakwane, amanyamuka ndi imodzi yomweyo, kuzungulira, n'kudzatera. Zimenezi amaziyeserera m'makina ophunzitsira pafupifupi miyezi 6 iliyonse, mpaka manja kuzolowera.

Bambo a Yankho, Joni: Ya ku India ndi nkhani ina. Lipoti loyamba la ofufuza a dzikolo, lomwe linatuluka mu July 2025, linati maswichi awiri a mafuta anachoka poyatsa kupita pozimitsa, ina pambuyo pa inzake, ndege itangochoka pansi. Mainjini onse awiri anasowa chakudya nthawi imodzi. Anawabwezeretsa, koma pansi panali pafupi kale.

Kabaza wa pa Muloza: Ndiye kuti munthu anachita kuzimitsa?

Bambo a Yankho, Joni: Lipotilo linangoti m'mawu ojambulidwa woyendetsa wina anafunsa mnzake chifukwa chimene wazimitsira, mnzakeyo n'kuyankha kuti sanatero. Linalekera pomwepo, nanenso ndilekera pomwepo. Akufa sadziyankhira.

Nachisale, Limbuli: Chabwino achimwene, koma ngati imodzi imakwana, nanga anthu amaferanji? Si kamodzi tamva kuti injini imodzi inayaka, onse n'kutha.

Sapota wa ku Luchenza: Apo ndiye mwandikumbutsa Chipolopolo. Ife a 1993 tinalira ngati ndi Flames. Pa 27 April ndege ya asilikali a Zambia, ya mtundu wa Buffalo, inanyamuka ku Libreville ku Gabon usiku, ikupita ndi timu ku Dakar kukasewera ndi Senegal masewera olimbirana malo ku World Cup. Itangodzuka inagwera m'nyanja, pafupi ndi gombe. Anthu 30 onse, osewera 18. Kalusha Bwalya anapulumuka chifukwa ankasewera ku Netherlands ndipo amayenda payekha kukakumana ndi anzake. Omwalirawo anawaika pafupi ndi Independence Stadium ku Lusaka. Mpaka lero ndikakumbukira kuti mu 2012 Zambia inakatenga chikho cha Africa mumzinda womwewo wa Libreville, mapenate 8 kwa 7 ndi Ivory Coast, thupi limachita tsemwe.

Bambo a Yankho, Joni: Imeneyo ikuyankha funso la achemwali a ku Limbuli. Lipoti la boma la Gabon linachedwa zaka 10, linatuluka mu 2003. Linati injini ya kumanzere ndi yomwe inayaka, koma woyendetsa anazimitsa ya kumanja, yabwinobwino. Basi ndege inatsala yopanda mphamvu. Linanenanso za kutopa, chifukwa woyendetsayo anali atangochokera ku Mauritius ndi timu yomweyo dzulo lake.

Nachisale, Limbuli: Aaa! Munthu wophunzira osasiyanitsa manja ndi manzere?

Bambo a Yankho, Joni: Musamuweruze msanga. M'chipinda cha oyendetsa, pa ndege zambiri mainjini saoneka, ali kumbuyo kwanu. Chomwe muli nacho ndi mawotchi, ndege ikunjenjemera, mabelu akulira, utsi ukununkha, kunja kuli mdima bii. Injini yamoyo imakankhira mphuno ya ndege mbali ya yakufayo, ndiye mwendo uli kalikiliki kuponda kuti chiwongolero cha kumchira chibweze. N'chifukwa chake amaphunzitsidwa kuti choyamba ulutsa ndege, usathamangire kugwira kalikonse. Mukakwera ndithu, mmodzi amaika dzanja pa chozimitsira, mnzake n'kuyang'ana n'kuvomera kuti inde ndi yomweyo, ndiye kuzimitsa. Wopupuluma ndi amene amapha yamoyo. Zinachitikanso ku Taipei mu February 2015, ndege ya TransAsia, ATR 72, ija inakhula mlatho ndi phiko n'kugwera mumtsinje. Anthu 43 mwa 58.

Aphunzitsi, Chisitu: Yomwe imandiwawa ine ndi ya ku Kegworth ku England, pa 8 January 1989. Boeing 737 ya British Midland, kuchoka ku London kupita ku Belfast, anthu 126. Ili mkati mokwera, kachitsulo kamodzi ka chopukusa mpweya mu injini ya kumanzere kanathyoka. Oyendetsa anaganiza kuti vuto lili kumanja, anaizimitsa, ndipo kunjenjemera kunachepadi, iwo n'kumati tapeza. Kaputeni analengeza kwa okwera kuti injini ya kumanja yavuta ndiye taizimitsa. Koma anthu okhala kumbuyo anali ataona ndi maso awo malawi akutuluka ku injini ya kumanzere! Uthengawo sunafike kutsogolo. Aliyense ankati akuluakulu akudziwa chomwe akuchita. Potsika kuti akatere pa bwalo la East Midlands, atawonjezera moto, injini yodwalayo inatheratu. Anagwera m'mbali mwa msewu waukulu wa M1, bwalo akuliona. Anthu 47 anamwalira.

Mai a Tadala, Chitakale: Mayo ine. Ndiye ndikanakhala ine ndikanayankhula? Ndikukayika. Munthu wavala yunifomu, mapewa ali mbee ndi mizere, ine mayi wogulitsa zitumbuwa ndikamuuze kuti bwana mwalakwitsa?

Nachisale, Limbuli: Ine ndikanakuwa mpaka andimange. Ulemu wa mtundu umenewo ndi womwe umatipha a Malawi.

Bambo a Yankho, Joni: Wokutsina khutu ndi mnansi. Ngozi imeneyo inasintha maphunziro, masiku ano ogwira ntchito m'ndege amaphunzitsidwa limodzi ndi oyendetsa kuti chomwe waona unene, usaope udindo wa munthu. Ndiye apongozi akakaona moto, utsi kapena mafuta akuchucha paphiko, aitane mtsikana wa m'ndegemo amuuze. Sangawaseke.

Mai a Tadala, Chitakale: Ndikawawerengera zimene mwalemba za injini imodzi zija. Za Zambia ndi za ku England ndidumpha dala, angandibwezere tikiti kumaso.

Mnyamata wa ku Likhubula: Nanga ya a Chilima mukuizemba bwanji? Kapena mukuopa?

Aphunzitsi, Chisitu: Palibe akuopa, mwanawe, koma gulu lino tinagwirizana kuti ndale ayi. Ndinena zolembedwa zokha. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali, Dornier 228, inanyamuka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu ndipo inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu 9 onse anatisiya, kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Dr Saulos Chilima ndi mayi Shanil Dzimbiri. Akatswiri a BFU, bungwe lofufuza ngozi za ndege la ku Germany, analoza nyengo yoipa, kuuluka m'munsi m'chifunga pamalo a mapiri. Iwe wa ku Likhubula chiperoni ukuchidziwa, chikatsika ngakhale Chambe saoneka uli pansi pake. Ananenanso kuti m'ndegemo munalibe makina ojambula mawu a oyendetsa. Si nkhani ya injini kuzima ponyamuka. Amene ali ndi maganizo ena akakambe kwina.

Mnyamata wa ku Likhubula: Ndamva aphunzitsi, koma mitima ya anthu siinakhazikike.

Abusa, Nkando: Mitima ikhazikike bwanji, bala lake n'laliwisi. Koma abale, pa zonsezi tisaiwale kuti tsiku likakwana lakwana. Wina amafera pamphasa, wina m'mwamba.

Nachisale, Limbuli: Abusa mundikhululukire, mawu amenewo ndi abwino pamaliro. Akafika kwa makaniko amasanduka ulesi.

Bambo a Yankho, Joni: Ndiikire umboni achemwali, ngakhale zikukhudza anzanga a ntchito. Chicago, 25 May 1979, DC-10 ya American Airlines. Ikuthamanga kuti inyamuke, injini ya kumanzere inazuka yonse, kudumpha pamwamba pa phiko n'kugwera pamsewu. Chinachitika n'chiyani? Milungu ingapo m'mbuyomo okonza anatsitsa injini pamodzi ndi chitsulo choigwirizira kuphiko, zonse kamodzi, ndi forklift, kagalimoto konyamulira katundu wolemera, pofuna kufulumira. Opanga ndegeyo ankalangiza kutsitsa chimodzichimodzi. Chitsulocho chinang'aluka mkati, osaoneka, ming'aluyo n'kumakula ulendo uliwonse. Pozuka injiniyo inadula mapaipi ndi mawaya, tizitsulo ta kutsogolo kwa phiko tothandiza kuuluka pa liwiro lochepa tinabwerera mkati, ndipo chochenjeza oyendetsa chinazima. Iwo anachita ndendende zomwe buku linkanena, kuchepetsa liwiro pang'ono, phiko la kumanzere n'kusiya kunyamula. Anthu 273. Oyendetsawo analibe mlandu. Imfa ija inakonzedwa pansi, ndi anthu ofuna kuweruka msanga.

Abusa, Nkando: Sindikutsutsa. Ndi Mulungu yemweyo anati ukamanga nyumba uike kampanda padenga kuti munthu angagwe, mlandu wa magazi n'kukhala pa iwe. Zili pa Deuteronomo 22. Ine ndimatonthoza otsala, inu mangani mabawuti.

Mdzukulu wa Agogo, Chonde: Ndakhala ndikuwawerengera agogo aamuna zonsezi pakhonde. Akuti ndilembe mawu awo momwe akunenera.

Mdzukulu wa Agogo, Chonde: "Ana inu mukuthamangira ku India ndi ku Amereka, yanuyanu mwaisiya. Ndege yomwe inapha a Malawi ambiri ndi ya Wenela. Ife ndege tinakwera kalekale, nsapato tilibe. Kuno minda inali yochepa, malo anapita ku tiyi, ndiye mnyamata ukafuna njinga kapena malata unkapita kukajoina. Ankatiyeza pachifuwa, kutikweza pa sikelo, kenako ku Chileka. Ndege yake inali ya mainjini anayi, zopukusa zili kunja. Akamailiza inkayamba imodziimodzi, kutsokomola, kulavula utsi, mpando n'kumanjenjemera mpaka mano. Aliyense ankapatsidwa kathumba ka pepala kosanziramo, ndipo tinkadzazadi. Ukatsika ku Francistown makutu ali gwa mpaka mawa lake. Kuchoka apo sitima ya pamtunda mpaka ku Joni. Pobwera unkabwera ndi sutikesi yachitsulo, bulangete, wailesi ndi jekete, m'mudzi monse n'kudziwa kuti wafika munthu."

Mdzukulu wa Agogo, Chonde: "Mu 1974 ndinali kuno, ndikukonzeka kukajoinanso. Tinangomva kuti ndege yobwera ndi anzathu yagwa ku Francistown itangonyamuka. Anthu omaliza joini, katundu atamanga, akazi awo kuno atasinja kale ufa. Kamuzu anakwiya, analetsa zolemba anthu. Ine ulendo unathera pompo, ndinakatenga dengu n'kuyamba kuthyola tiyi mpaka msana uwu unapindika."

Aphunzitsi, Chisitu: Agogo anena zoona, ndipo ndachita manyazi kuti ana athu ambiri amangodziwa Wenela ngati depoti ya mabasi ku Blantyre. Linali bungwe lolemba anthu okagwira ntchito m'migodi ya golide ku South Africa. Ngoziyo inachitika pa 4 April 1974. Ndege inali DC-4, ikubwera ku Blantyre, munali anthu 84 ndipo 78 anamwalira, oposa 70 mwa iwo a Malawi anzathu. Oyendetsa anayesa kubwerera pabwalo koma sanafike. Nthawi imeneyo a Malawi m'migodimo anali oposa 100,000, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira ambiri anabwerera kumudzi. Kulemba kunayambiranso mu 1977, anthu ochepa, dzina litasintha kukhala TEBA, ija timati Theba.

Kabaza wa pa Muloza: Mainjini anayi onse kufa? Si mwati imodzi imakwana?

Aphunzitsi, Chisitu: Ofufuza anapeza kuti petulo wa ndegeyo anasakanikirana ndi mafuta a ndege za jeti.

Makaniko wa pa Nkando: Eee, apo ndiye mwalowa m'garaja mwanga. Mafuta a jeti ndi pachibale ndi palafini, si choncho achimwene a ku Joni? Ndiye injini ya mapisitoni ukaimwetsa palafini ndimadziwa chomwe chimachitika. Nthawi ya kusowa kwa mafuta ija anyamata a kabaza ankabwera ndi njinga zamoto tsiku ndi tsiku, atagula petulo wa m'zigubu. Ikangolira poima imamveka bwinobwino, mwini wake n'kumati palibe vuto. Akanyamula thumba la chimanga ndi munthu n'kuyamba chitunda, injini imayamba kugogoda, kutentha kwake osagwirika, mphamvu zii. Ina nditaimasula ndinapeza pisitoni itadyeka pamwamba mpaka kubooka, ndinalowetsa chala. Pulagi itasungunuka kunsonga. Mwini wake ankalumbira kuti wina wamulodza.

Bambo a Yankho, Joni: Mwalasa amakaniko. Mafuta osakanizawo amaphulika okha nthawi isanakwane m'malo moyaka bwino, ndipo zimafika poipa injini ikamakoka ndi mphamvu zonse. Kwa ndege, nthawi imeneyo ndi ponyamuka. Poyenda pansi kupita kumsewu, zonse zimaoneka zabwino. Ndipo funso la mphwanga wa pa Muloza ndi lofunika kuposa momwe iye akuganizira. Kuchuluka kwa mainjini kumateteza ku vuto logwira injini imodzi. Vuto likakhala m'chinthu chomwe onse akugawana, anayi ndi chimodzimodzi imodzi. Onse anamwa mafuta a m'thanki imodzi ya pabwalo.

Sapota wa ku Luchenza: Ndi mbalamenso eti? Ndinamva kuti zimalowa mu injini.

Bambo a Yankho, Joni: Zimalowa, ndipo zimayenda m'chigulu. Ku Bahir Dar ku Ethiopia mu September 1988, Boeing 737 ya Ethiopian Airlines inakumana ndi nkhunda ikunyamuka. Mainjini onse awiri anameza, kenako anazima akuyesa kubwerera. Anatera pathengo, moto unabuka, anthu 35 mwa 104 anamwalira. Koma ku New York mu January 2009 atsekwe anazimitsa mainjini onse a Airbus A320, Kaputeni Sullenberger anaona kuti kubwalo safika, anakaitsitsa pamtsinje wa Hudson, anthu 155 onse amoyo. Ndege injini zikazima siigwa ngati mwala, imatsetsereka ndi mapiko bola mphuno uitsitse kuti liwiro lisathe. Chovuta ponyamuka n'chakuti uli pafupi ndi pansi, nthawi yosankha potera ndi masekondi. A ndege zing'onozing'ono za injini imodzi amauzidwa kuti ikazima uli m'munsi usatembenuke, tera kutsogolo kwako olo m'munda mwa chinangwa. Ambiri omwe amafa ndi omwe mtima umawakokera kubwalo, pokhota ndege n'kutaya liwiro. Ndiye mukaona anthu akutaya zinyalala kapena kulima mapira pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege, dziwani kuti akuitana mbalame.

Nachisale, Limbuli: Nanga za mafuta osakaniza zinatha? Kapena tikungodalira mwayi?

Bambo a Yankho, Joni: Zimachitikabe apo ndi apo pa ndege zing'onozing'ono, koma anatchinga njira zambiri. Petulo wa ndege yemwe timagwiritsa ntchito kwambiri amamuthira utoto wabuluu, pomwe mafuta a jeti ndi oyera kapena otuwira ngati udzu wouma. Kukamwa kwa paipi yothirira mafuta a jeti anakupanga kotambalala kuti kasalowe pa thanki ya petulo. M'mawa uliwonse, komanso akangothira mafuta, timakhetsa pang'ono pansi pa phiko m'kabotolo koonekera, kuyang'ana mtundu, kununkhiza, kuona ngati pansi pakhala madzi. Mtundu wokha umanamiza, osakaniza amatha kuonekabe abuluu. Tikakayika timadonthezera papepala loyera. Petulo weniweni amauma msanga osasiya kanthu, koma mukakhala palafini pamatsala banga lamafuta.

Mdzukulu wa Agogo, Chonde: Agogo akufunsa kuti ndiye kapepala kokha kakanapulumutsa anzawo aja? Akhala chete, kenako alowa m'nyumba.

Aphunzitsi, Chisitu: Uwapepese m'malo mwa gulu. Ndipo ukapeza mpata uwajambule mawu akufotokoza za ulendo wa ku Francistown, ndikufuna ndikawamvetsere ana a Fomu 3.

Makaniko wa pa Nkando: Achimwene a ku Joni, za pepalazo zingagwirenso pa petulo wathu wa galimotoyu?

Bambo a Yankho, Joni: Palafini akachuluka banga lioneka, koma petulo wa galimoto amachedwerapo kuuma, ndiye muyerekeze ndi dontho la petulo amene mukumukhulupirira, mapepala awiri pambali.

Makaniko wa pa Nkando: Basi mawa ndikung'amba kope la mwana. Aliyense wobwera ndi njinga yogogoda, tiyamba taona pepala ndisanagwire sipanala.

Kabaza wa pa Muloza: Mukatero mutiyambanitsa ndi ogulitsa, akulu. Ena ndi alamu athu.

Nachisale, Limbuli: Alamu akowo akugulire pisitoni.